Sabata yodulira ma Iceberg ku Joni

Kumapeto kwa July kuno ku Joni ndi nthawi yodulira marozi, ndiye sabata yathayi foni ya abwana inali yosapuma, kasitomala aliyense akufuna timufikire msanga. Timagwira pa kakampani kosamalira magadeni cha ku Randburg ndi ku Fourways, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse umapezapo Iceberg, rozi yoyera mbee ija. Yachuluka moti ena amaiderera koma ine ndimaikonda heve, palibe rozi ina yomwe imabweza thukuta la munthu ngati imeneyi.

Lolemba tinafika kapinga atayera ndi chisanu, zala zosagwira, ndikuyamba ndi mzere wa ma Iceberg akale m'mbali mwa mpanda, ena ofika pachifuwa. Ndinali ndi mnyamata wakwathu yemwe wangoyamba kumene, iyeyo anaphunzitsidwa kuti rozi umaidula mpaka m'maondo n'kusiya nthambi zitatu kapena zinayi basi. Ndinamugwira mkono asanatsine sizasi, ndati ayi mphwanga, iyi si hybrid tea, marozi aja a duwa limodzi lalikulu pa tsinde. Iye akuti achimwene, rozi si rozi basi? Ndiye tinakhala pa wilibala ndikumufotokozera komwe inachokera, chifukwa ukadziwa makolo ake kadulidwe kake sikavuta.

Iceberg anaipanga ndi Reimer Kordes wa ku Germany, inatuluka 1958. Anatenga mungu wa Virgo, hybrid tea yoyera ya Charles Mallerin wa ku France ya 1947, n'kuuika pa duwa la Robin Hood, rozi ya ku England ya 1927 yochokera kwa Joseph Pemberton, yomwe imakula ngati chitsamba n'kutulutsa timaluwa tofiira ting'onoting'ono tambirimbiri pa tsinde limodzi. Kuyerako inatengera Virgo, koma kakulidwe konse, nthambi zopyapyala zambiri, maluwa obwera m'magulu, kumasula mobwereza kuyambira October mpaka chisanu chibwerenso, zonsezo ndi magazi a Robin Hood. Ndiye ukaigwetsa pansi ngati hybrid tea siifa ayi, ndiyopirira, koma wataya nthambi zomwe zikananyamula maluwa. Ife timachotsa zouma ndi zopingasana mkatimo, tsinde lakale la khungwa lotuwa timalidula pansi penipeni ndi kasowo kuti mphukira zatsopano zituluke, zotsalazo timangochepetsa cha pakati, kenako kuthothola masamba onse akale. Minga ilibe yambiri, manja samavulala ngati pa marozi ena.

Lachiwiri ndi Lachitatu inali yomweyo, kudula, kukweza zinyalala pa bakkie (pikapu), kupita nyumba ina. Pena tinapeza ma Iceberg aja a tsinde lalitali lokhala ndi mutu pamwamba, omwe amati standard, atatulutsa mphukira pansi ndi m'mbali mwa tsinde. Zimenezo sizofunika kuzinyengerera, tsindelo ndi rozi ina, Iceberg anangoimezanitsa pamwamba ngati mmene timamezanitsira mango kwathu, ukazisiya zimadya chakudya chonse mutuwo n'kufota.

Tsiku lomwe linandikhudza ndi Lachinayi. Madamu ena achikulire ali ndi Climbing Iceberg pakhonde, akuti zaka zonsezi imangotulutsa nthambi zazitali maluwa ochepa, amafuna tiizule. Nditayang'ana zipsera zake ndinaona kuti amene ankaisamalira ankaidula pansi chaka chilichonse ngati yachitsamba. Iyi ndi Iceberg yomweyo yomwe nthambi ina inasintha yokha n'kuyamba kuyanga, anaipeza ku England 1968, ndipo maluwa ake amatuluka pa tinthambi tophuka m'mbali mwa nthambi zikuluzikulu. Ndinawapempha kuti madamu tiipatse chaka chimodzi. Tinamasula nthambi zazitalizo n'kuzigoneka chopingasa pa waya, kumanga ndi twaini mosathina, chifukwa nthambi ikagona maso ake onse amaphuka, ikaima chilili imangomasula kunsonga. Zinatitengera mpaka dzuwa kupendeka koma mtima wanga unakhala pansi kuti siizulidwa.

Kusintha payokha kotereku kuli m'banja mwake. Yapinki anaipeza ku Tasmania, chilumba cha ku Australia, kenako Burgundy Iceberg yofiirira kwambiri ija inatulukanso ku Australia komweko, ndipo nthawi zina nthambi imodzi imabwerera n'kumasula loyera. Makasitomala amaganiza kuti ku nazale anawanamiza pomwe ayi, umangodula nthambi imeneyo pomwe yayambira.

Lachisanu tinabwerera monse kukathira kompositi ndi feteleza, kuthirira kwambiri kuti madzi afike kumizu, ndi kuphimbira pansi ndi makungwa. Apa ndimakhala wovuta pa nkhani yotola masamba akale, chifukwa vuto lalikulu la Iceberg ndi madontho akuda aja a pamasamba nthawi ya mvula, ndipo matendawo amabisala m'masamba ogwa. Mu 1983 bungwe la World Federation of Rose Societies linaisankha kukhala rozi yokondedwa padziko lonse, koma ukaisiyira zinyalala pansi pofika February imakhala itayoyola masamba. Mphwanga uja pofika madzulo amadula yekha ine ndikungoyang'ana, ndipo mu September ndidzamutenganso tikayamba kuyendera mphukira kuti tione ngati nsabwe zagwira.