Mmene tinasakira mng'ono wanga pa phiri la Mulanje

Mng'ono wanga ndi mnzake wa kuntchito ananyamuka ku Blantyre Lachisanu lina m'mwezi wa Julaye atanyamula tenti, zofunda ndi chakudya cha masiku 4, ndipo anatiuza kuti adzatsika phiri la Mulanje Lolemba masana. Uthenga wake womaliza unandipeza Loweruka m'mawa ali ku Chambe, kumtunda kwa phirilo, ndipo unali wa mawu ochepa: "Achimwene, tagona bwino, koma kuno kukuzizira kwambiri." Lolemba dzuwa litalowa foni yake sinkapezeka, ya mnzakeyonso chimodzimodzi. Amayi anandiuza usiku womwewo kuti ndinyamuke, koma ine ndinawakhazika mtima pansi ponena kuti netiweki ya m'phiri njovuta ndipo anyamatawo angochedwa. Ndinalakwitsa. Nthawi imeneyo anali atagona kale panja usiku umodzi ndipo anali kulowa wachiwiri, choncho ndikadaimba foni ku Likhubula, kumene anayambira kukwera, madzulo amenewo, anthu akadayamba kukwera Lachiwiri kusanache m'malo moyamba masana.

Lachiwiri m'mamawa ndinakwera minibasi ku Limbe, ndinatsikira pa Chitakale, kenako njinga yamoto inandifikitsa ku ofesi ya zankhalango ya ku Likhubula, kumene alendo ambiri okwera phirili amalembetsa asanayambe ulendo. Ndinkaganiza kuti ndikangofika anthu athamangira kumtunda, koma ntchito inayamba ndi buku la alendo. Tinapeza mayina awiriwo, tsiku lokwera ndi tsiku lotsika, koma pamalo olembapo njira mng'ono wanga anangolemba kuti Chambe basi. Phiri la Mulanje lili ngati dziko palokha, lili ndi zigwa, mitsinje ndi nsonga zambiri, ndipo nyumba zogonamo alendo, monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Madzeka, zinatalikirana mtunda woyenda maola angapo. Munthu amene wachoka ku Chambe akhoza kulowera ku Lichenya, akhoza kupita ku Chisepo, akhozanso kubwerera pansi, ndiye funso limene aliyense ankandifunsa linali lakuti anawaona komaliza ndani, kuti, ndipo liti.

Yankho loyamba linachokera kwa gaidi amene anawakweza Lachisanu, yemwe anzake anakamuitana kumudzi. Iye anafotokoza kuti anyamatawo anamulipira za tsiku limodzi n'kumubweza Loweruka m'mawa ponena kuti njira za pamwamba akuzidziwa, popeza mng'ono wanga anakwerapo kale phirili ali pasukulu. Anakumbukiranso mtundu wa majekete awo, kukula kwa zikwama ndi mtundu wa tenti, zinthu zimene ine, mbale wake weniweni, sindinkazidziwa.

Kupolisi ku boma sindinakhalitse. Ndinapereka sitetimenti, zithunzi za anyamata awiriwo, manambala a foni ndi nthawi ya uthenga womaliza, ndipo anandifunsa ngati wina mwa iwo ali ndi matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku komanso ngati panyumba panali mkangano asananyamuke. Funso lachiwirili linandipweteka, koma ndinalimvetsa, chifukwa munthu wothawa dala safunidwa mofanana ndi munthu wosokera. Lipotili n'lofunika ngakhale kuti okwera phiri enieni ndi anthu a m'midzi yozungulira, pakuti ndi limene limapangitsa kusakako kukhala kovomerezeka, ndipo likanafunika kwambiri zinthu zikadatha moipa. Apolisi awiri anabwerera nane ku Likhubula.

Nditabwerera ndinapeza magaidi ndi onyamula katundu atasonkhana kale pansi pa mtengo, ndipo mkulu wina wa imvi, amene anati wayenda m'phirimo kuyambira ali mnyamata, ndiye ankatsogolera zokambirana. Tinagwirizana poyera za malipiro a tsiku ndi za chakudya asananyamuke aliyense, ndipo ndikulimbikitsa aliyense wopezeka pamalo anga kuti asachite manyazi kukamba za ndalama pa nthawi ya chisoni, chifukwa anthuwa amasiya minda ndi maganyu awo n'kukaika moyo pachiswe chifukwa cha munthu wosamudziwa. Tinagula ufa, usipa, shuga, masamba a tiyi, mabatire a tochi ndi machesi, ndipo tinabwereka mabulangete. Mkuluyo anagawa anthu m'magulu 3. Gulu loyamba, la anyamata a liwiro amene amapikisana nawo pa mpikisano wothamanga wa onyamula katundu wa chaka ndi chaka, linapatsidwa njira ya ku Chambe mpaka ku Chisepo tsiku lomwelo. Lachiwiri linapita ku Lichenya. Lachitatu linazungulira pa galimoto kudzera msewu wa ku Phalombe kuti likwere molunjika ku Thuchila. Ntchito yawo pa tsiku limenelo inali imodzi yokha, kufunsa mlonda wa nyumba iliyonse ndi kuwerenga buku lake, kuti dera losakamo lichepe.

Ine ndinapempha kukwera ndi gulu loyamba, koma mkuluyo anandikaniza mwaulemu. "Achimwene, miyendo yanu ndi ya m'tauni," anatero, "mukatsatira anyamatawa tidzakhala ndi anthu atatu owanyamula." Ndinakwera pambuyo ndi iyeyo ndi wapolisi mmodzi kudzera njira ya Skyline, ndipo tinafika ku Chambe kutada, mawondo anga akunjenjemera.

Usiku umenewo mauthenga anayamba kufika kudzera pa foni za anthu amene amadziwa miyala imene netiweki imagwirapo. Ku Lichenya sanawaone. Ku Thuchila sanafikeko. Mlonda wa ku Chisepo ndiye anali ndi nkhani yonse: anyamatawo anamanga tenti pafupi ndi nyumbayo Loweruka madzulo, anaotha moto wake, ndipo anamufunsa kuti kukwera Sapitwa kumatenga maola angati. Iye anawaletsa kukwera opanda gaidi, makamaka poona mitambo imene inkachokera kum'mwera chakum'mawa. Lamulungu m'mawa anyamatawo anapasula tenti, anamanga katundu yense, n'kumutsanzika kuti akupita ku Thuchila, ndipo n'chifukwa chake bamboyo sanakayikire kanthu ataona kuti sanabwerere. Mng'ono wanga ananamiza munthu yekhayo amene akadaitana thandizo Lamulungu madzulo, ndipo ndikunena izi poyera chifukwa iye mwini anandilola.

Dzina la Sapitwa litangotchulidwa, m'nyumbamo munangoti zii. Nsongayi ndi yotalika mamita 3,002, yaitali kuposa ina iliyonse m'Malawi, ndipo onse amene ndinali nawo ankakumbukira mtsikana wa ku Netherlands amene anasowa kumeneko mu 2003 osapezekanso, ndi mnyamata wa ku Brazil amene anasowa mu Julaye 2009 n'kupezeka atamwalira kumayambiriro kwa Ogasiti, patadutsa pafupifupi masabata 3. Palibe amene anandiuza nkhanizi pofuna kundiopseza, koma ndinamva m'mayankhulidwe awo kuti ankawerenga masiku. Mkuluyo anandifotokozera kuti chimene chimapha anthu kumtundako kawirikawiri ndi chisanu chophatikizana ndi kunyowa, pamene chiperoni chaphimba phiri. Chiperoni ndi chifunga chozizira chobwera ndi mvula yamawawa m'miyezi yozizira, dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, ndipo chikhoza kukhala masiku angapo osachoka. Njira ya ku Sapitwa imadutsa pa matanthwe osalala ndi pakati pa miyala ikuluikulu, pena munthu amachita kukwawa pansi pa mwala, ndipo chomutsogolera ndi timadontho ta penti yofiira topakidwa pamiyalayo. Chifunga chikatsika, kadontho kotsatira sikaoneka, matanthwe amaterera ngati therere, ndipo munthu wotsika amakokeka ndi chigwa chilichonse chooneka chosavuta. Anthu osokera amakonda kutsata madzi poganiza kuti mtsinje uwafikitsa kumudzi, koma mitsinje ya m'phirili imathera pa mathithi ndi maphompho.

Lachitatu tinachoka ku Chambe kusanache ndipo tinafika ku Chisepo cha m'ma 10 koloko. Tinapeza gulu loyamba litapeza kale chizindikiro chimene chinasintha kusaka konse. Pang'ono kumtunda kwa nyumbayo, kuseri kwa mwala waukulu, kunali zikwama ziwiri zofunditsidwa ndi pepala lapulasitiki lotsinjizidwa ndi miyala. Ndinatsegula chikwama cha mng'ono wanga ndi manja ouma ndi chisanu, ndipo m'katimo munali tenti yopindidwa bwino, chofunda chake, mphika waung'ono, ndi juzi ya ubweya imene amayi anamukakamiza kutenga. Wapolisi anandipempha kuti nditchule zimene palibe, ndipo tinapeza kuti anyamatawo anangotenga majekete, botolo la madzi, tochi imodzi ndi kathumba ka mtedza ndi mabisiketi. Kuchokera pamenepo tinadziwa njira imene anatenga, tinadziwanso kuti agona panja masiku 3 opanda chofunda.

Tisanakwere, mmodzi wa onyamula katundu, bambo wachikulire, anapempha kuti pasakhale wotukwana kapena wolankhula zachipongwe kumtundako, chifukwa kwa anthu a kuno phirili ndi malo a mizimu ya makolo. Wapolisi anavula chipewa, wina anapemphera mwachidule, ndipo tonse tinasunga pempho la bamboyo.

Dongosolo losakira linali lokhwima. Palibe amene ankaloledwa kuyenda yekha, aliyense ankayenera kumaona mnzake wa kumanja ndi wa kumanzere, ndipo ikakwana 4 koloko onse ankayenera kuyamba kutsika, wapezeka munthu kapena ayi, poti m'Julaye dzuwa limalowa msanga. Kagulu kamodzi kanatsata madontho ofiira mpaka pamwamba, pamene timagulu tina tinkalowa m'chigwa chilichonse chopatuka pa njirayo, ndipo chigwa chikasakidwa ankaunjika timiyala pakhomo pake kuti ena asabwerezemo. Chimene ndinaphunzira movutikira ndi kukhala chete. Mtsogoleri ankaimba wezulo katatu, wina n'kufuula dzina kamodzi, kenako tonse tinkaima osasuntha phazi kwa nthawi yooneka yaitali kwambiri. Ine ndinkafuna kumangofuula mosalekeza, mpaka mkuluyo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Munthu amene wagona ndi njala masiku 3 alibe mawu opikisana ndi anu. Mupatseni mpata ayankhe."

Cha m'ma 1 koloko chifunga chinang'ambika pang'ono, ndipo kagulu kamene kanali m'munsi mwathu kanamva kugogoda, osati mawu a munthu, koma mwala ukumenyedwa pa mwala katatu katatu. Anawapeza pansi pa thanthwe lotsamira pa linzake, m'chigwa chopatuka pang'ono chabe pa njira, malo amene kukanakhala kowala munthu akanatha kuona madontho ofiira ali chiimire. Mnzake wa mng'ono wanga anaterereka Lamulungu madzulo n'kuthyoka mwendo pamwamba pa kakolo, ndipo ngozi imeneyi ndi imene inawaletsa kupitiriza kutsika chigwacho, chimene magaidi anandisonyeza pambuyo pake kuti chimathera pa phompho. Anayala udzu pansi, ankagona mokumbatirana, ankatunga madzi odontha pamwala, ndipo mtedza ankaugawana mowerenga. Nditafika ndinapeza mng'ono wanga atakhala tsonga, milomo itasweka, mawu atatheratu chifukwa chokuwa masiku awiri oyamba. Anandiyang'ana n'kunong'ona kuti, "Achimwene, amayi mwawauza?"

Ndinkaganiza kuti kupezeka ndiye kutha kwa ntchito, koma anthu odziwa sanapume n'komwe. Anawavula zovala zonyowa, anawakulunga m'mabulangete kuyambira pachifuwa ndi kumutu, anawapatsa tiyi wofunda wa shuga wambiri pang'onopang'ono, ndipo analetsa mnyamata wina amene ankafuna kuwatikita manja ndi mapazi. Mwendo wothyokawo anaumanga pakati pa ndodo ziwiri ndi chitenje osayesa kuuwongola. Machira anawapanga ndi mitengo iwiri ndi mabulangete, koma pa matanthwe ena machirawo sankadutsa, ndipo wovulalayo ankachita kupatsirana dzanja ndi dzanja pakati pa amuna 6 oima motsetsereka. Tinafika ku Chisepo ndi matochi, ndipo mlonda uja, amene ananamizidwa, ndiye anali atasonkha moto ndi kuphika phala.

Lachinayi lonse linathera pa kutsika. Onyamula machira ankasinthana pafupipafupi, mng'ono wanga ankayenda yekha mogwiririzidwa, ndipo galimoto imene tinaitanitsa inatidikira ku Likhubula mpaka madzulo n'kuwatengera onse awiri kuchipatala, kumene mnzakeyo anamuika chikhakha ndipo mng'ono wanga anagonekedwa usiku umodzi. Lachisanu ndinabwerera kupolisi kukatseka lipoti, kenako ku Likhubula kukalipira munthu aliyense malinga ndi masiku ake, pamaso pa mkulu uja. Pomaliza anandibweretsera buku la alendo lija, ndipo pamzere wa mng'ono wanga, pafupi ndi pamene iye analemba kuti adzatsika Lolemba, ndinalemba kuti anatsika Lachinayi, onse awiri, ndipo ndinasainira m'malo mwake.