Kujambula zofuna za kasitomala pa ntchito ya agile

Pa ntchito yopanga mapulogalamu a pakompyuta motsatira njira ya agile (yogwira ntchito m'magawo afupiafupi, mokambirana ndi kasitomala pafupipafupi), yomwe mfundo zake zinalembedwa ndi akatswiri 17 ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America, m'chaka cha 2001, zofuna za kasitomala zimalembedwa mwachidule pa timakhadi totchedwa user stories. Kalembedwe kofala, komwe kanayambira ku kampani ya Connextra ku London, kamatchula munthu, chimene akufuna ndi chifukwa chake, mwachitsanzo: "Monga wogula, ndikufuna kubweza katundu kuti ndilandire ndalama zanga."

Timakhadi tikachuluka, zimavuta kuona momwe tikulumikizirana. Khadi lobweza katundu silinena chimene chichitike ngati wogulayo analipira pafoni, ngati katunduyo watsegulidwa kale, kapena ngati masiku obwezera adutsa. Apa ndi pamene ine ndimaumirira kuti gulu lijambule. Chithunzi cha state diagram cha UML (njira yodziwika yojambulira kapangidwe ka mapulogalamu), chomwe chimasonyeza magawo amene chinthu chimadutsamo, chimaonetsa oda ikuchoka pa "yalandiridwa" kupita pa "yalipiridwa", "yatumizidwa" mpaka "yabwezedwa", ndipo muvi uliwonse umene ukusowa umasanduka funso loti lifunsidwe kwa mwini pulogalamu (woimira zofuna za kasitomala pa gulu) sprint, kutanthauza nyengo yaifupi yogwira gawo limodzi la ntchito, isanayambe.

Njira ya story mapping ya Jeff Patton, katswiri wa agile, imathandiza mbali ina: imayala makhadi motsatira ulendo wa wogwiritsa ntchito, ndipo ofunika kwambiri amakhala pamwamba. Komabe, sindigwirizana ndi amene amajambula chilichonse mwatsatanetsatane, chifukwa chithunzi chojambulidwa pabolodi, chomwe aliyense angachifute n'kuchikonza pa zokambirana, chimakwanira pa nkhani zambiri.