Apongozi anandichapira nyanja

Malawi alibe nyanja yamchere, ndiye ine ndinaganiza zokhala ndi yangayanga pabalaza, ku Area 25. Ndinagula thanki yagalasi ya malita 200, pampu, hita ndi nyale yabuluu, cholinga ndizilera makorali, tamoyo ta m'nyanja yamchere, tizidutswa tonga chala timene oweta amamata pamwala n'kumakula pang'onopang'ono.

Mchere wake si wa pagolosale, umabwera kale ndi calcium ndi magnesium. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita, choncho makilo 7 analowa m'madzi oti sitimwa, sitiphikira. Mayi akunyumba anangopukusa mutu.

Chowawa n'kudikira. Thanki yatsopano suikamo chamoyo. Umaponyamo kanthu koti kawole, katulutse ammonia. Mabakiteriya amamera pamiyala n'kusandutsa ammonia uja kukhala nitrite, kenako ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwenikweni. Zimatenga mwezi kapena kuposerapo. Anzathu akunja amaponyamo shrimp, kanyama ka m'madzi ka mtundu wa nkhanu. Ine ndinaponyamo usipa uwiri wa pamsika wa Nsungwi, pakuti kuwola n'kumodzi.

Madzulo alionse ndinkadontheza mankhwala oyezera m'kabotolo ka madzi a muthanki, n'kumafanizira mtundu wake ndi tchati ngati wa ku labu. Magetsi akathima ndinkatakasa madziwo ndi mthiko kuti mabakiteriya anga asabanike. Sabata yachisanu nitrite anafika pa ziro. Miyala inachita ndere zofiirira, ine mtima mbee, nyanja yapsa.

Sabata yomweyo apongozi anafika kuchokera ku Dowa. Anaima patsogolo pa thanki nthawi yaitali ndithu, kenako anafunsa mwana wawo chonong'ona, koma ndinamva: "Nsomba zake zili kuti?" Atauzidwa kuti bambo akuweta tizilombo tosaoneka ndi maso, anangoti "Ooo." Ooo wake uja womuyankha munthu amene mukumuganizira kuti akukhwima.

Mawa lake nditaweruka kuntchito, ndinapeza pabalaza pakununkhira sopo. Galasi waliwali. Miyala yanga ili panja pathandala pamodzi ndi mapoto, yokwechedwa bwinobwino, ikuuma padzuwa. Muthanki munali madzi apampopi, a chlorine, ndipo pansi pake pankayenda mlamba wamoyo umene anachita kutuma mnyamata kukaufuna.

"Bambo, madzi aja anaonongeka, munafera nsomba ziwiri," anatero atakhala pamphasa, nkhope atayang'anitsa kumbali mwaulemu. "Ndakuikirani yolimba. Imeneyi siifa wamba."

Mkamwini angatani? Ndinanjuta, ndinawomba m'manja, n'kuthokoza kuti atithandiza kwambiri. Mayi akunyumba anathawira kukhitchini, mapewa akugwedezeka.

Pa mgonero nkhwani zinali zowawa modabwitsa. Ndinameza osatafuna. Apongozi anasamba m'manja msanga, n'kuuza mwana wawo kuti mchere wa m'chindowa uja tisadzagulenso, atibera.