Mwendo ukafupika, sindiye kuti galu wamva ululu

Galu akagundidwa ndi galimoto pa msewu wa M1 kapena m'timisewu ta ku Kawale n'kuyamba kukoka miyendo yakumbuyo, mwini wake amakonda kumutsina chala, ndipo mwendo ukafupika amasangalala poganiza kuti galuyo akumva. Chisangalalo chimenechi chimandimvetsa chisoni, chifukwa uthenga wochokera pachalapo umangofika mu mtsempha waukulu wa mu msana n'kubwerera ku minofu, osadutsa ku ubongo. Ngakhale galu amene mtsemphawo waduka chakumtunda amafupikitsabe mwendo. Umboni woti wamvadi ndi wakuti atembenuze mutu, alire kapena afune kuluma, ndipo dokotala wa ziweto amadalira kwambiri zimenezi poona ngati pali chiyembekezo choti galuyo adzayendanso.

Komabe kuyankha kwa mwendo kosadutsa ku ubongo kuli ndi ntchito yake, yomwe ndi kusonyeza pamene pavulala. Dokotala amagoneka galu chammbali, n'kuchirikiza ntchafu ndi dzanja kuti bondo lipindike pang'ono, kenako amagogoda ndi kanyundo ka labala pansi pa kafupa ka pabondo. Mwendo umatambasuka wokha ngati ukuponya chidendene. Kuyankha kumeneku kumadutsa m'zigawo za mtsempha wa mu msana zotchedwa L4 mpaka L6, za m'chiuno. Mwendo ukayankha bwino kapena mopitirira muyeso pamene galu sakuyenda, ndiye kuti vuto lili kumtunda kwa zigawozi, kumene ubongo walephera kutumiza malamulo oletsa minofu kudzuka mopambanitsa. Ukayankha mofooka kapena osayankha n'komwe, vuto lili m'zigawo zomwezo kapena mu mtsempha wopita kumwendo. Galu wamantha amaumitsa thupi, choncho pamafunika kuleza mtima ndi kuyerekeza miyendo yonse iwiri.

Ofufuza amapita patsogolo poyeza ndi makina. Njira ya H-reflex, imene inatenga dzina kwa Paul Hoffmann wa ku Germany yemwe anaifotokoza mu 1910, imagwiritsa ntchito mphamvu yochepa ya magetsi pa mtsempha wa mwendo. Makina amalemba mayankho awiri: loyamba, lotchedwa M, limabwera magetsi akapita ku mnofu mwachindunji, pamene lachiwiri, lotchedwa H, limachedwerapo chifukwa limayamba lazungulira ku msana. Kuyerekeza kukula kwa awiriwa kumasonyeza mmene maselo oyendetsa minofu alili okonzeka kudzuka. Ine ndimaona kuti pa galu wovulala pa ngozi, kanyundo ndi manja a dokotala wodziwa ntchito zimapereka kale zambiri zofunika.

Muno m'Malawi tiyeneranso kukumbukira chiwewe, chomwe nthawi zina chimayamba ndi kufa kwa miyendo osati ukali. Galu akapuwala popanda ngozi yodziwika, makamaka ngati sanabayidwe katemera, musamutsine kapena kumugwira kukamwa, koma mutsekereni kutali ndi ana ndipo muitane a zaziweto. Wovulala pa ngozi mumunyamulire pa thabwa kuti msana usapindike popita naye kuchipatala.