Chipika nambala 7

Ndikafunsidwa pamaliro kapena paukwati kuti ndimagwira ntchito yanji, ndimangoti ndine wa folesiti, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndikanena zenizeni, kuti ndimalipidwa chifukwa chosaka zikumbu, anthu amaseka mpaka kupukuta misozi, kenako wina amafunsa ngati zili zodya.

Sabata yathayi ndinali pa phiri la Dedza. Lolemba palibe chimene tinachita. Ndalama ya mafuta inatuluka dzuwa lili paliwombo, moti pofika pa boma n'kuti chifunga chitayamba kutsika m'phiri. Tinali atatu: ine, mnyamata amene akuphunzira ntchito, ndi mkulu wina wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phirilo, amene kale ankacheka matabwa ndi sowo ya anthu awiri ija, wina pamwamba wina m'dzenje. Onse amangowatchula kuti Madala. Iwo amanditchula Mayi a tizilombo, ndipo ndinatopa nako kukana.

Zikumbu zimene timafuna ndi za nyanga zazitali, banja limene m'mabuku amalitcha Cerambycidae. Pa dziko lonse mitundu yake yodziwika imaposa 35,000. Nyanga zake nthawi zambiri zimafika kumbuyo kwa thupi kapena kupitirira, makamaka zazimuna. Koma chikumbu chouluka chimene mumachiona pakhonde usiku chili kumapeto kwa moyo wake, chatsala ndi milungu yochepa. Nthawi yaitali, chaka kapena ziwiri, mwina kuposa apo, chimakhala chili mphutsi yoyera, yonenepa chakumutu, ikungodya m'kati mwa mtengo. N'chifukwa chake timabwera mvula ikangoyamba, pamene zambiri zimaboola n'kutuluka, ndipo timasankha sabata ya mdima, chifukwa mwezi ukawala sizilabadira nyali yathu.

Lachiwiri m'mawa tinayambira kunsi, m'thengo la miombo ndi misuku. Tinapachika misampha m'nthambi. Msampha wake ndi mapulasitiki awiri opingasa, pansi pali kachitini ka madzi a mchere ndi sopo pang'ono, pambali kabotolo ka spiriti. Mtengo wodwala kapena wongogwa kumene umatulutsa fungo la mowa, ndipo zikumbu zofuna poikira mazira zimalondola fungo limenelo, n'kugunda pulasitiki, n'kugweramo. Madala atanunkhiza kabotoloko anati, "Mayi, mwavutikiranji kunyamula zimenezi kuchokera kutauni? Kuseri kwa sitolo uko alipo wamutu weniweni." Sananame. Kachasu akhoza kugwira ntchito yomweyo, kungoti sindikudziwa kuti pa fomu ya ndalama ndikanalemba chiyani.

Pa nkhani ya zipika, Madala ndi mphunzitsi wanga ngakhale sadziwa dzina limodzi la m'buku. Amaona utuchi. Ukakhala wosalala ngati ufa, amati ndi tating'ono tofumbwa mitengo, zosatikhudza. Ukakhala wamiyatomiyato ngati wochokera pa sowo yobuntha, amagwada n'kuika khutu pa khungwa. Pa chipika china cha mombo, chogwa ndi mphepo mwina chaka chatha, anatikodola kuti tikhale chete. Ndinaika khutu langa. M'katimo munkamveka kuti kere, kere, kere, pang'onopang'ono, ngati mbewa ikuketa chimanga m'nkhokwe yakutali. "Ichi chili ndi eni ake," anatero Madala.

Chinalidi nawo. Khungwa linali lisanayoyoke, ndipo ndinapezapo maboo a mitundu iwiri, ena ozungulira ngati oboola ndi chitsulo, ena obulungira motalika ngati njere ya dzungu. Maboo osiyana chonchi nthawi zambiri amatanthauza zikumbu zosiyana. Kumapeto kwina gogomole anali atagomolapo kale kufuna mphutsi. Ndinachipaka penti yofiira n'kulembapo 7. Cholinga chinali choti Lachisanu tichinyamule, tikachitsekere m'khola la sefa, tidikire zimene zidzatulukemo. Njira yodziwira motsimikiza kuti chikumbu chakuti chimakulira mu mtengo wakuti ndi imeneyi. Msampha ndi nyali zimangokuuza kuti chinadutsa pamenepo.

Usiku womwewo tinayatsa nyali. Timamanga nsalu yoyera pakati pa mitengo iwiri, ina timayala pansi, nyali ya batire patsogolo, basi n'kukhala pansi kudikira. Masana kunali kutagwa mvula ndipo nthaka inkanunkhira. Zoyamba kufika zinali njenjete, zambirimbiri, mpaka zina kulowa m'makutu. Kenako ngumbi. Apa ndiye ntchito inaima kaye, chifukwa ana a m'mudzi anaona kuwala, anabwera ndi mabeseni, ndipo palibe mtima umene ungabweze mwana pa ngumbi. Tinagwirizana kuti ngumbi n'zawo, koma chilichonse cha nyanga zazitali n'changa. Kunena zoona, maso awo anandithandiza kuposa tochi yanga.

Cha m'ma 9 koloko, ana atapita, tinamva kulira ngati kanjinga kamoto kakutali, kenako phu! pansalu. Chinali chikumbu chachikulu cha mtundu wa Tithoes, chotuwira, chamawangamawanga, chotalika kuposa chala changa chapakati, mano ake ngati pulayala. Gulu limeneli limauluka usiku, ndipo mphutsi zake zimakonda zitsa, mizu ndi mitengo yoyamba kuola. Mnyamata uja anachigwira pamimba m'malo mochitsina kumbuyo kwa mutu. Chinamuluma, ndipo kulira kwa mnyamatayo ndikhulupirira kunamveka mpaka pa msewu wa M1. Chala chinatuluka magazi, koma sanachitaye, ndipo pa chimenecho ndinamulembera zabwino m'buku lake. Pambuyo pake kunabwera zina zapakatikati, za nkhope yoongoka choloza pansi ngati ya mbuzi. Zimenezi ukazigwira zimalira tswii, tswii, zikukhuza khosi pamsana. Madala amati zikupepesa.

Tinazimitsa nyali pakati pa usiku, mabotolo atadzaza bwino ndithu.

Lachitatu tinakwera m'munda wa paini. Munthu wongofika kumene angaganize kuti kumeneku ndiye kuchimake kwa zikumbu: mitengo italiitali, zitsa paliponse, nthambi zotsala podula zili mbwee. Koma misampha ya kumeneku inali pafupifupi yopanda kanthu, ndipo chimene chinagwamo chinkangobwereza chomwecho. Sizodabwitsa. Paini wa Pinus patula kwawo ndi ku Mexico. Zikumbu zathu zinazolowera mombo, muwanga, kachere ndi anzawo, ndipo zambiri zimasankha chakudya. Mtengo wa mtundu umodzi, wa msinkhu umodzi, pansi masamba okhaokha, kwa izo ndi ngati msika waukulu wogulitsa chinthu chimodzi.

Pa bulugamu m'pamene ndinapeza ntchito imene anthu amaimvetsa. Bambo wina wodula mapolo anandiitana kuti ndikaone milu yake. Nditasenda khungwa ndi chikwanje, pansi pake panali tinjira todzaza utuchi, tochokera malo amodzi n'kumwazikana ngati zala za dzanja. Ameneyo ndi Phoracantha, chikumbu choderapo cha mzere wachikasu wokhotakhota pamsana. Kwawo ndi ku Australia, komwenso kunachokera bulugamuyo, ndipo chinafika ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 chisanafalikire kumtunda kuno. Chimaikira mazira usiku pansi pa khungwa la mtengo wongodulidwa kapena wofooka ndi chilala. Mtengo wamoyo wokhuta madzi umazimiza mphutsizo zisanalowe.

"Ndiye mankhwala ake ndi ati, mayi?"

"Palibe chogula, bambo. Mukadula, sendani khungwa tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musasiye milu ili ndi makungwa kwa milungu."

Anaoneka wokhumudwa. Anthu amakhulupirira uphungu umene uli m'botolo.

Lachinayi tinakwera pamwamba, mamita pafupifupi 2,200. Chifunga chitang'ambika pang'ono tinaona Chongoni uko ndi mapiri a ku Mozambique mbali inayo, kenako chinatsekanso. M'makhwawa a kumeneko mwatsala tizigawo ta nkhalango yosayoyoka masamba, mitengo yovala ndere ndi zilambe. Nyali siithandiza kwenikweni chifukwa usiku kumazizira ndipo zouluka zimachepa. Timatenga ambulera, kuitembenuza chagada pansi pa nthambi youma, n'kumenya nthambiyo ndi ndodo. Zimene zimagwamo ndi tizikumbu tating'ono ngati njere ya mpunga, totuwa ngati khungwa lenilenilo, tongokhala duu ngati takufa mpaka utatipumira mpweya. Tinali tochepa, koma panalibe kamodzi kofanana ndi za kunsi kuja. Nkhalango zapamwamba ngati izi, za Dedza, Ntchisi, Zomba ndi Mulanje, zili ngati zilumba, pakati pake minda ndi thengo louma, moti kachikumbu kokhala m'khwawa limodzi kalibe kothawira khwawalo likapsa.

Tili komweko, pafupi ndi nsanja za mafoni pamene netiweki imagwira bwino, abwana anaimba. Ankafuna kuti lipoti lidzakhale ndi mndandanda wa "zikumbu zowononga" zimene tapeza. Ndinawauza kuti pa zonse za sabatayi, chowononga chenicheni ndi chimodzi, cha bulugamu chija. Chinzake chodziwika m'dziko muno ndi chija choyererapo chimene chimaboola tsinde la khofi n'kulira nacho alimi a ku Misuku, koma pano sitinakumane nacho. Zotsala zonsezo zimadya chimene chafa kale. Zimaboola, madzi ndi bowa n'kulowa, chiswe n'kutsatira, chipika n'kusanduka nthaka. Anayankha kuti opereka ndalama sapereka ndalama pa chinthu chosawononga. Sindinatsutse, chifukwa pamenepo ananena zoona.

Ndiyeneranso kudziletsa ndekha polemba lipotilo. Sabata imodzi si kafukufuku. Kunsi ndinagwiritsa ntchito nyali usiku wofunda, pamwamba ambulera m'chifunga, ndiye sindinganene kuti kutalika kwa phiri ndiko kukusiyanitsa. Chimene ndinaona ndi maso n'chakuti pamene panali mitengo yakufa ya mitundu yambiri, ina yongogwa, ina yofumbwa, ina yoola, m'pamene panali zikumbu za mitundu yambiri. Ndipo m'thengo la kunsi mitengo yotereyi inali yosowa. Kuti tipeze zipika khumi zoyenera kupaka penti tinayenda m'mawa wonse. Pansi m'poyera ngati pabwalo losesa.

Lachisanu tinabwerera kukatenga nambala 7. Tinapeza malo ake okha, udzu wofota ndi nyongolotsi zikuthawa dzuwa. Madala anaona mapazi n'kuyamba kutsetsereka osalankhula. Tinakawapeza amayi anayi akupuma pa mwala, mitolo itatsamira pamtengo. Mu mtolo wina munkaoneka penti yofiira.

Ndinali nditakonza mawu aukali m'njira monse, koma atandipatsa moni wogwada pang'ono, mawuwo anathawa.

"Pepani amayi, nkhuni yofiirayo inali yathu. Tinaiika chizindikiro."

"Iii, pepani achemwali. Ife timayesa a folesiti alemba zoti zichotsedwe." Anamasula nsonga ya chitenje n'kundionetsa risiti. "Talipira. Anatiuza okha kuti zouma tolani, zaziwisi ayi. Nanga ife talakwa pati?"

Sanalakwe paliponse. Ineyo ndi amene sindinauze munthu aliyense tanthauzo la pentiyo. Komanso uthenga umenewo, woti zouma tolani, ndaulalikira ndekha m'misonkhano ya m'midzi kwa zaka zambiri, ndipo ndi umene wapulumutsa mitengo yamoyo yambiri. Sindinaganizepo kuti nkhuni youma imene tikuloleza ndi nyumba ya zomwe ndimalipidwa kuti ndiziwerenge. Mayiyo akuyenda mtunda wonsewu chifukwa pafupi zinatha, ndipo madzulo ana akufuna nsima.

Anali atachiwaza kale ndi nkhwangwa. Anati munali mphutsi zonenepa, zina anaziponyera mbalame, zina wazimanga m'kapepala kuti akapatse nkhuku. Ndinapempha kuona. Zinali zinayi, ziwiri zikugwedezekabe, ndipo imodzi inali itayamba kale kusintha, timiyendo ndi nyanga zitapindidwa bwinobwino pachifuwa, zoyera ngati kandulo. Ikanatuluka mwezi uno. Amayiwo anaiyang'anitsitsa, wina n'kuti, "Kani n'zija zimalira ukazigwira zija?"

Chibenthu chimodzi chinali chisanawazidwe, chachitali ngati mkono. Ndinachigula pa mtengo wa mtolo wathunthu, ndalama ya m'thumba mwanga yopanda risiti, amayiwo akuseka kuti a folesiti ayamba kugula nkhuni kwa anthu. Madala anachisenza paphewa mpaka pagalimoto, ndipo potsanzikana anati ulendo wina ndidzayambe ndakaonekera kwa amfumu, penti pambuyo.

Loweruka ndinatha tsiku lonse ndikubaya zikumbu mapini ndi kulemba timapepala: malo, kutalika kwa phiri, tsiku, njira yogwirira, mtengo. Chikumbu chopanda kapepala n'chongotaya. Zambiri za pamwamba zija ndangozilemba nambala, zidikira wodziwa kuposa ine.

Chibenthu chija chili pakhonde, m'khola la sefa, theka la 7 likuonekabe. Mtsikana wondithandiza pakhomo ndamuuza kawiri kuti si cha pambaula. Usiku wathawu magetsi atazima ndinaikapo khutu. Mmodzi adakalimo.