Amayi ndi kabotolo ka mchere

Ndi Lachitatu usiku, mwina kwacha kale Lachinayi. Tulo takana.

Madzulo ndinawapeza amayi kukhitchini akutsina mchere m'kabotolo n'kuwaza pa nyemba zawo. Atandiona anabisa dzanja m'chitenje ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. Kubisa dzanjako n'kumene kwandikhala pamtima.

"Amayi, anesi aja anati BP yanu ili pati?"

"Anati 168 ndi 98. Koma ine mutu sukuwawa, mwana wanga. Ndiwo zakozi zili zii."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwafotokozera, mwina mopitiriza. Ndinati lilime si lokha limene limalawa mchere. Mu ubongo muli timaselo tozindikira mchere ukachuluka m'magazi, ndipo n'timene timadzutsa ludzu. N'chifukwa chake mukadya usipa wamchere mumadzuka pakati pausiku kufuna madzi. Impso nazo zili ndi timaselo tolawa mchere umene ukudutsa. Ukachepa zimatulutsa m'magazi chinthu chotchedwa renin, kenako thupi limapanga homoni yotchedwa aldosterone kuti lisunge mchere wotsalawo. Ukachuluka, impso zimayenera kuutaya mu mkodzo. Koma munthu akamakalamba impso zimagwira ntchitoyi mochedwa. Mchere umakhalira, umakoka madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, mtima n'kumapopa movutikira. Zonsezi zimachitika mutu usakuwawa n'komwe.

Anangoti, "Agogo ako anadya mchere mpaka anamwalira ali nkhalamba yotheratu."

N'zoona, ndipo matupi amasiyanadi, ena mchere umawakwezera BP msanga kuposa ena. Koma ine pamenepo maganizo anali pa amalume, mmene sitiroko inawasiyira akukoka mwendo, pakamwa patapotoka, akulephera kutchula dzina langa. Sindinawatchule. Ndi mlongo wawo, akanalira.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni imodzi ya tiyi. Ndinkaganiza kuti kwathu kuno sitifikako, mpaka nditayamba kuwerengera buledi wam'mawa, timakyubu tokometsera ndiwo, ndi soda wa therere, amenenso ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chili mu mchere. Therere la soda ndi limene amayi amalikonda kuposa ndiwo zonse, ndipo anandiphunzitsa kuphika ndi iwo omwe. Lero ine ndiziwauza kuti alisiye? Zikundiwawa.

Ndinawalonjeza kuti lilime limazolowera pakapita masabata angapo, chakudya n'kuyambanso kukoma ndi mchere wochepa. Ndinati ndiziwonjezera tomato, anyezi ndi mandimu, komanso ndiziwagulira nthochi. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe ukhala ukudya zomwezo?"

Ndinavomera. Anatsiriza nsima yawo osayankhulanso, n'kukagona msanga.

Kabotolo kaja kali patebulo pomwepo. Ndakanyamula kawiri kuti ndikakabise pamwamba pa kabati, kawiri konse ndakabwezera. Mapiritsi awo ndawaika pafupi ndi kapu ya tiyi kuti asaiwale mawa. Ndikumva akutsokomola kuchipinda, nawonso sanagone.