Zibuma pansi, masamba pamwamba

Tulo tandithawa. Ndagona, ndadzuka, ndamwa madzi, ndagonanso, koma maso a madala aja sakuchoka. Ndiye ndangoyatsa foni kuti ndilembe, kapena mtima ungakhale m'malo.

Skip inabwera Lolemba. Kwa inu amene simunafikeko kuno ku Joni, skip ndi chibini chachikulu chachitsulo, chokhala ngati bwato, chimene lole imadzachitula pageti, inu n'kumatayamo zinyalala, pakatha masiku angapo lole ija n'kudzachikoka ndi matcheni. Yathuyi inali ya makyubiki mita 6. Adona anaiitanitsa ya za m'gadeni zokhazokha, ndipo anandiuza pamaso, kawiri konse: nthambi, masamba, udzu, basi. Tinali titasadza mpanda wonse wamaluwa wakutsogolo. Mtengo waukulu wakuseri uja sunalowemo. Unaphedwa ndi kachirombo koboola mitengo kamene kanaoneka koyamba m'dziko muno mu 2017 ku Pietermaritzburg, kakang'ono ngati njere ya chitowe, koma kaumitsa mitengo yambiri m'misewu ya Johannesburg. Odula mitengo anaugaya pomwepo, chifukwa nkhuni zake ukayenda nazo ndiye kuti wasamutsa ndi kachirombo komwe. Ndinaima n'kumaonerera nkhuni zoti mayi anga akanaphikira mpaka dzinja zikusanduka utuchi.

Koma nkhani si imeneyo.

Kuseri komweko kuli kontirakitala amene akugumula kanyumba kakale kosungiramo zida ndi silabu yake. Lachitatu, adona atapita kuntchito, anandiitana. Anati skip ndi yaikulu, nthambi zako sizidzaza, chotsa zimene waikamozo, tiyale zibuma pansi, iwe ubwezere masamba ako pamwamba, dalaivala sayang'ana. Ananena akuseka, ngati nkhani yaing'ono. Ine ndinadziwa kuti n'zolakwika. Ndisadzinamize pano, ndinadziwa. Koma munthuyu ndi amene amandipatsa maganyu Loweruka, ndipo ndalama ya maganyuwo ndi imene ndimatumiza ya feteleza. Ndinatenga wilibala. Zidutswa za konkire, njerwa zosweka, dothi lonyowa la pansi pa silabu, ndinasiya kuwerenga nditadutsa mawilibala 30. Kenako ndinayala nthambi bwinobwino, zamasamba obiriwira pamwamba penipeni. Chimene chikundiwawa kwambiri ndi kuyala bwino kumeneko. Ndinachita mwaluso.

Lole yabwera lero, kapena ndinene dzulo, sindikudziwa kuti tsopano ndi nthawi yanji. Dalaivala anali bambo wachikulire, wa imvi m'ndevu, wosalankhulalankhula. Anatsitsa miyendo ya kumbuyo ya lole, anakola matcheni m'makutu a skip, anakoka chitsulo chonyamulira. Injini inabuula. Skip inangonyamuka pang'ono ngati kutalika kwa chikhatho, iwo n'kuibwezera pansi. Anazimitsa injini. Anatenga chitsulo chachitali kuseri kwa mpando, anakwera m'mbali mwa skip, n'kuzika chitsulocho pakati pa masamba anga. Kho! Anazikanso pena. Kho!

Anayamba m'Chizulu, kenako m'Chingerezi. Ine mawu anangondipulumuka, ndinati, "Mayo ine, zavuta." Anatembenuka.

"Iwe, kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu, bambo. Cha ku Lizulu."

"Ha! Ine wa ku Angonia, ku Ulongwe. Msika wa Lizulu ndagulitsapo mbatatesi ndili mnyamata. Msewu wokha uja ndi umene umatilekanitsa."

Anandifunsa mfunda wanga, ndinawauza, nawo anatchula wawo. Tsiku lina lililonse ikanakhala nthawi yachisangalalo, kupezana ndi wakumudzi pageti la eni ake ku Randburg. Koma chitsulo chija chinali chikadali m'manja mwawo.

"Ndiye mwana wa kwathu, wandiyalira msamphawu ndiwe?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinati andituma. Anati akudziwa kuti andituma, nthawi zonse pamakhala wotuma, koma wilibala inali m'manja mwa yani? Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji, poti lole ikanatha kunyamula. Anati inde ikanatha, koma masamba salira choncho. Zaka zonse zimene agwira ntchitoyi, khutu lawo linasanduka sikelo. Anakhala pa sitepe ya lole n'kuyamba kundiwerengera ngati mwana wa sukulu. Konkire yathunthu, kyubiki mita imodzi yokha, imalemera makilogalamu pafupifupi 2,400. Ukaiphwanya pamakhala mipata, komabe skip ngati iyi ukaidzaza zibuma mpaka pakamwa ndi matani 9 kapena kuposa, pamene ya nthambi zokhazokha mwina tani 1. N'chifukwa chake wofuna kutaya zibuma amauzidwa kuti atenge skip yaing'ono, kapena asapitirire mzere umene amuuza. Dothi nalonso, anatero, anthu amaliona ngati la m'gadeni poti lachokera m'gadeni, koma likanyowa limapikisana ndi njerwa. Chimodzimodzi zitsa zikuluzikulu ndi kapinga wozulidwa ndi dothi lake, uzifunsa kaye usanaponyemo.

"Tsono ukandibisira, ine ndikatsika nazo chitunda ndikuganiza kuti ndanyamula masamba. Mabuleki amamva za masamba? Tcheni likaduka limafunsa kuti wayala ndani?"

Anapitiriza. Anati katundu aliyense ali ndi kwawo. Za m'gadeni zimapita kumalo kumene amazigaya n'kupanga manyowa. Chibuma chimodzi chikalowa m'makina ogayirawo chimaswa mano ake, ndiye pageti amayang'anitsitsa, akapeza konkire amakubweza ndi katundu yense. Zibuma zoyera, zopanda mapulasitiki ndi matabwa, nazonso zili ndi ntchito, amaziphwanya n'kukwirira maenje kapena kuyala pansi pokonza misewu. Koma ukasakaniza, manyowa alephereka, zokwiririra zalephereka, zonse zasanduka zinyalala wamba zopita kudzala, kokwera sikelo, kolipira molingana ndi kulemera kwake. Anatchula Robinson Deep, chiphiri cha zinyalala cha kufupi ndi Turffontein chija, chimene aliyense akudziwa kuti malo akutha. Anati skip iliyonse yosakaniza ndi malo amene atha popanda chifukwa. Ndipo iwo akabwezedwa pageti, dizilo ya ulendo wachiwiri abwana awo amafunsa iwo, osati ine, osati kontirakitala.

Ine zonsezi ndinkangoti, "Zoona bambo, zoona bambo." Mawu ena analibe pokhala.

Kenako anandiuza kuti ndikankhe nthambi aone bwino. Ndinakwera, ndinakankha. Anayang'ana, nkhope inasintha. Analoza kachidutswa kotuwa, kokhala ndi mafunde ngati lata.

"Ichi chachokera kuti?"

Ndinati ndi denga la kanyumba kaja, malata a simenti akale aja. Anafunsa kuti anaswa ndani. Ndinati ineyo, ndi hamala, kuti akwane mu wilibala.

"Unavala chani kumphuno?"

Sindinayankhe.

Anati malata otero a nyumba zakale za kuno nthawi zambiri amakhala a asibesitosi, mwala wa timaulusi umene ankausakaniza mu simenti. Boma la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008, koma madenga akale akadalipo mbwee. Akakhala osasweka savuta kwenikweni. Ukawaswa, kapena kuwacheka, kapena kusesa fumbi lake louma, timaulusi tosaoneka ndi maso timalowa m'mapapo n'kukhazikika, matenda ake amadzaonekera patapita zaka 20, 30, ngakhale 40. Salowa mu skip wamba, ngakhale ya zibuma. Ali ndi anthu ake ovomerezeka owachotsa, amawanyowetsa, amawakulunga m'mapulasitiki ochindikala, amapita nawo kudzala la zinthu zoopsa. Anati ku Kuruman ndi ku Prieska ku Northern Cape, ndi ku Penge ku Limpopo, kumene ankakumba mwala umenewu, anthu ambiri anamwalira ndi chifuwa chake, ena osalowako n'komwe mumgodi, ongokhala pafupi.

Apa ndi pamene maganizo anga anachoka pageti paja. Ndinaona agogo anga aamuna atakhala pakhonde, akutsokomola m'mawa uliwonse asanalankhule ndi munthu. Iwo anabwera kuno pa Wenela, kumigodi ya golide, boma la Malawi lisanaimitse ulendowo mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown, ku Botswana. Anabwerako ndi njinga, wailesi, jekete lalikulu ndi chifuwa. Njinga inatha, wailesi inafa, chifuwa chinakhala nawo mpaka kumanda. Fumbi lawo linali lina, la miyala ya pansi, koma ndili mwana ndinkadziuza kuti ine ndikadzapita ku Joni ndidzagwira ntchito ya panja, ya mpweya wabwino, ya maluwa. Ndi iyi ntchito ya maluwayo. Ngakhale dzina lija la Robinson Deep ndi la mgodi wa golide. Kumene anthu ngati agogo ankatulutsa dothi pansi, ife zidzukulu tikuunjikako zinyalala za eni mzinda.

Madala aja anaona kuti ndapita kutali. Anandigwira phewa. Anati tsiku limodzi si chiweruzo cha imfa, ndisadzizunze, koma ndisabwerezenso, ngakhale andilonjeze ndalama zingati. Anati ndithire madzi pa zidutswazo, ndisaziswenso, ndisasese, ndiziphimbe ndi pulasitiki, zovala ndisakazikung'unthire m'chipinda chogona. Ndipo adona ayenera kudziwa lero lomwe.

"Skip iyi sindinyamula. Ndilemba kuti sinali yokonzeka. Sindilemba zambiri. Ndibwera Lolemba, ndipeze masamba okhaokha."

Ndinathokoza. Atakwera m'lole anatsitsa galasi.

"Ukanangondiuza pofika paja, mwana wanga. Ukanati bambo, pansipo pali zibuma. Tikanaona chochita. Munthu wakwanu sumuyalira masamba."

Sanadziwe kuti ndine wakwawo pofika paja, nanenso sindinadziwe. Ndakhala ndikulitembenuza funso limeneli usiku wonse. Akanakhala Mzulu, kapena wa ku Zimbabwe, kapena mzungu, bwenzi zili bwino? Bwenzi ndikugona pano? Ndikuopa kuti mwina bwenzi ndikugona, ndipo zimenezo zikundichititsa manyazi kuposa zibumazo.

Masana onse ndinali mu skip. Kutsitsa n'kowawa kuposa kukweza, chifukwa wilibala silowamo, umanyamula chimodzichimodzi n'kuponya kunja. Ndinapanga milu itatu m'mbali mwa mpanda: nthambi, zibuma ndi dothi, ndi kamulu kakang'ono kotuwa kamene ndinkakathira madzi pafupipafupi. Mawaya ndi zitsulo za m'silabu ndinaziika panja pa geti, anyamata okoka matilole aja, otola zitsulo zokagulitsa, sanachedwe kuzitenga. Kontirakitala sanabwere tsiku lonse.

Adona atafika anaona skip ili pomwepo, milu itatu ili ndandanda. Ndinawauza za asibesitosi, zonse monga ndinamvera. Anadzidzimuka, anayamba kuimba mafoni nthawi yomweyo, anandifunsa ngati ndikumva bwino m'chifuwa. Kenako anafunsa kuti nanga zibuma zinalowa bwanji mu skip ya masamba. Ndinati panali kusamvana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, sanafunsenso. Kusamvana! Panalibe kusamvana kulikonse, tinamvana bwino lomwe, ine ndi munthu uja.

Mwina mawa ndiwauza. Ndikawauza, maganyu a Loweruka atha, ndipo mvula kwathu ili pafupi, mayi afunsa kale kawiri za matumba a feteleza. Ndikapanda kuwauza, ndalama ya masiku owonjezera a skip ndi ya skip yachiwiri ya zibuma alipira ndi iwo, akuganiza kuti wantchito wawo samva Chingerezi.

Thalauzi ndi malaya ndazimanga m'jumbo, zili panja pakhomo. Sindikudziwa ngati ndizichape kapena ndizitaye, thalauzilo ndi labwino, ndagula chaka chino. Pakhosi pakundikereketa, koma mwina ndi maganizo chabe, madala aja anati sizimveka msanga choncho.

Pa WhatsApp pali uthenga wa kontirakitala, wafika cha m'ma 9. Akufunsa ngati skip yapita bwino. Ndautsegula, waona kuti ndawerenga.